Wodwala mliri: tikamutenge kapena achiritsidwe komwe ali?



Foni ikalira usiku kuti mwana wathu amene anapita ndi chilimira ku Mbenje, ku Makanjira kapena ku Joni wadwala kwambiri, mawu oyamba kutuluka pakamwa pa akuluakulu timawadziwa tonse: "Kamutengeni, abwere kuno." Palibe amayamba wafunsa kuti akudwala chiyani. Timasonkherana ya mafuta, wina abwereketsa boti, wina akambirana ndi wa matola, pofika mawa wodwala ali pamphasa m'nyumba ya mayi ake. Khalidwe limeneli ndi labwino ndipo sitikufuna lithe. Koma alipo matenda angapo amene amakwera pa chifundo chathu chomwechi n'kuyenda nacho mudzi ndi mudzi, ndipo Ebola ndi mnzake Marburg ali patsogolo. Bwato timamata kunja kuli bata, mwera usanayambe. N'chifukwa chake tafuna tikambirane nkhaniyi lero.

Mkangano wa kunyamula odwala mliri kupita nawo kwawo si wa ife osauka tokha. Unavuta kwambiri ku America mu 2014, pamene Ebola inkasakaza anthu ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone. Mliri umenewo unagwira anthu oposa 28,000 ndipo oposa 11,000 anamwalira. Mu July chaka chimenecho, anthu awiri a ku America amene ankathandiza odwala pa chipatala cha ELWA ku Monrovia anatenga matendawa: dokotala Kent Brantly ndi mayi Nancy Writebol. Mabungwe awo, mogwirizana ndi boma, anaganiza zowanyamula pa ndege kupita nawo ku chipatala cha Emory mumzinda wa Atlanta.

Dziko linagwedezeka. Anthu ankafunsa kuti n'chifukwa chiyani boma likuitanira imfa m'nyumba. Ena ankati ndege ikagwa bwanji, ena ankati namwino mmodzi akalakwitsa ndiye kuti mzinda wonse watha. A Donald Trump, amene nthawi imeneyo anali asanakhale pulezidenti, analemba poyera kuti odwalawo asaloledwe kulowa, ndipo maganizo awo anali akuti amene wasankha kukathandiza kutali avomereze zotsatira zake. Tisawaseke anthu amenewa. Mantha awo ndi omwe aja timakhala nawo ife tikamva kuti kwa aneba kwafika munthu wosanza ndi kutsegula m'mimba kuchokera ku doko lina.

Nanga zinatha bwanji? Brantly anafika ku Atlanta pa 2 August, Writebol pa 5 August. Aliyense ananyamulidwa payekha, m'ndege yaing'ono imene mkati mwake munamangidwa tenti ya pulasitiki yotsekedwa bwino, operekeza atavala zodzitetezera kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Chipinda chimene anafikiramo chinamangidwa zaka zambiri m'mbuyomo chifukwa cha matenda oterewa, ndipo anamwino ake anali ataphunzira kale mavalidwe ndi mavulidwe a zovalazo. Mwezi usanathe onse awiri anatuluka ali bwino. Pa chipatala chimenecho panalibe ngakhale munthu mmodzi amene anatengera matendawa kwa iwo. Ku Britain nako, namwino William Pooley ananyamulidwa pa ndege ya asilikali kuchokera ku Sierra Leone kupita ku chipatala cha Royal Free ku London, anachira, kenako anabwerera ku Sierra Leone kukapitiriza ntchito.

Ebola inapatsirana ndithu pa nthaka ya America, koma inalowera khomo lina. Thomas Eric Duncan, bambo wa ku Liberia, anafika mumzinda wa Dallas mu September 2014 pa ndege wamba, akuoneka wabwinobwino. Masiku ochepa asananyamuke anali atathandiza kunyamula mtsikana woyembekezera, mwana wa eni nyumba imene ankakhala, amene anadwala kwambiri. Anamukweza m'takisi kupita ku chipatala, kumeneko anabwezedwa chifukwa malo anali atadzaza, ndipo anamunyamulanso kubwerera naye kunyumba komwe anakamwalira. Duncan anachita zimene aliyense wa ife akanachita. Atayamba kumva kutentha thupi ku Dallas anapita ku chipatala, anapatsidwa mankhwala n'kubwezedwa kunyumba. Pobwerera kachiwiri anali atafooka kwambiri. Anamwalira pa 8 October, ndipo anamwino awiri amene ankamusamalira anatenga matendawa, ngakhale kuti iwo anachira.

Taonani kusiyana kwake. Amene dziko lonse linkawaopa, amene anabwera masana aliyense akudziwa chimene akudwala, sanapatsire munthu. Amene anapatsira ndi uja anafika mwakachetechete pa chipatala chosakonzeka. Ku Nigeria zinalinso choncho. Patrick Sawyer anakwera ndege ku Monrovia akudwala kale n'kukagwa pa bwalo la ndege la Lagos pa 20 July 2014. Dokotala wamkazi, Stella Ameyo Adadevoh, anakayikira kuti si malungo ndipo anakana kumutulutsa m'chipatala ngakhale ankakakamizidwa kutero. Iye mwini anatenga matendawa n'kumwalira, koma mumzinda wa anthu mamiliyoni ambiri ngati Lagos, dziko lonse la Nigeria linangokhala ndi odwala 20, ndipo omwalira anali 8.

Tisanamizane kuti kunyamula mwadongosolo kulibe ngozi konse. Dziko la Spain linatenga ansembe awiri achikatolika, wina ku Liberia wina ku Sierra Leone, kupita nawo ku Madrid, ndipo onse anamwalira. Mayi wina wothandiza anamwino amene anasamalira wansembe wachiwiriyo anatenga Ebola m'chipatala momwemo. Anachira, koma anzake ogwira nawo ntchito anakwiya poyera ponena kuti maphunziro ndi zovala zimene anapatsidwa zinali zosakwanira. Ndiye ngati ku Madrid, ndi ndege ndi magolovesi ndi zonse, kachirombo kanapeza mpata, kuli bwanji m'boti la injini momwe anthu khumi akhala mothithikana ndi madengu a usipa, wodwala atatsamira pa mwendo wa mchimwene wake?

Apa m'pofunika kudziwa mmene matendawa amayendera, chifukwa mantha ambiri amabwera posadziwa. Ebola siuluka ndi mphepo ngati chimfine. Imadutsa m'magazi, masanzi, chimbudzi, thukuta ndi madzi ena a m'thupi la munthu amene wayamba kale kudwala, komanso pa zofunda ndi zovala zimene zanyowa ndi zimenezi. Munthu amatha masiku 2 mpaka 21 kachiromboka kali m'thupi asanaonetse chizindikiro, ndipo nthawi imeneyo sapatsira. Akamafooka ndi pamene kachirombo kamachuluka, ndipo thupi la amene wangomwalira kumene ndi loopsa kuposa nthawi ina iliyonse. Ndiye kuti ali pangozi kwambiri si wodutsa pamsewu kapena wogula nsomba pa thandala. Ndi amene amanyamula, amene amapukuta, amene amachapa, ndi amene amasambitsa. Kunena mwachidule, ndi amayi athu, akazi athu ndi osambitsa maliro a pamzikiti pathu. Vuto linanso n'lakuti masiku oyamba matendawa amafanana ndi malungo: kutentha thupi, mutu, kuphwanya. Magazi amene timamva pa wailesi aja amabwera mochedwa, ndipo ena satuluka n'komwe.

Nkhani imene iyenera kutikhudza kwambiri ife Asilamu inachitika ku Mali. Mu October 2014 imamu wina wachikulire, wolemekezeka kwambiri, wa m'tauni ya Kourémalé pa malire a Guinea ndi Mali, anadwala. Abale ake anamukweza m'galimoto kupita naye ku chipatala cha Pasteur mumzinda wa Bamako. Madokotala anaona vuto la impso ndipo sanamuyeze Ebola. Anamwalira pa 27 October. Chifukwa cha ulemu wake, thupi linapita ku mzikiti wa mu Bamako kukasambitsidwa, kenako linanyamulidwanso kubwerera ku Kourémalé kukaikidwa pamaso pa khamu la anthu. Patapita milungu iwiri namwino amene anamusamalira anamwalira, dokotala wa pachipatalapo anatsatira, ndipo ena a m'banja la imamuyo anadwala, ena anamwalira. Palibe amene anachita choipa mwadala pa ulendo wonsewo. Aliyense ankakwaniritsa udindo wake kwa Shehe wake. Werenganinso ulendowo, muike Mangochi kapena Nkhotakota m'malo mwa Bamako, muone ngati pali sitepe imene ife tikanadumpha.

Wina anganene kuti zimenezo n'za kutali, kuno Ebola sinafikepo. N'zoona, Alhamdulillah. Koma mu March 2023 dziko la Tanzania, loyandikana nafe, linalengeza mliri wa Marburg m'chigawo cha Kagera. Wodwala woyamba kudziwika anali atangobwerera kumudzi kwawo m'boma la Bukoba kuchokera pa chilumba cha Goziba, chilumba cha asodzi pakati pa nyanja ya Victoria. Anthu 9 anadwala, 6 anamwalira, ndipo pakati pawo panali wogwira ntchito zaumoyo. Anathana nawo msanga, pofika June unali utatha. Koma moyo wa pa Goziba ndi moyo womwe timaudziwa: amuna ochokera madera osiyanasiyana, kugona mothithikana m'zisakasa, chipatala kutali, ndipo ukadwala nzeru yoyamba ndi kukwera boti kupita kwanu. Ebola ya mtundu wa Zaire tsopano ili ndi katemera, koma tisadalire kuti mliri uliwonse udzatipeza katemera ali m'manja.

Chipembedzo chathu sichinatisiye mumdima pa nkhaniyi. Khalifa Umar ibn al-Khattab (Allah asangalale naye) ali pa ulendo wa ku Shaam anafika pa malo otchedwa Sargh, ndipo anamva kuti kutsogolo kwagwa mliri, uja umadziwika ndi dzina la Amwas. Anafunsa maganizo a Maswahaba, iwo anagawanika, ndipo pomaliza anaganiza zobwerera. Abu Ubaidah ibn al-Jarrah anamufunsa ngati kumeneko sikuthawa chikonzero cha Allah. Umar anamuyankha ndi fanizo limene mlimi aliyense angalimve: munthu amene ali ndi ziweto m'chigwa cha mbali ziwiri, ina ya msipu ina youma, kulikonse kumene angadyetse ndi mwa chikonzero cha Allah, koma wanzeru amasankha kwa msipu. Kenako anafika Abdur-Rahman ibn Awf n'kufotokoza zimene anamva kwa Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam), zoletsa kulowa m'dera limene mwagwa mliri ndi zoletsanso kutulukamo mothawa ngati wakupeza uli momwemo. Theka loyamba la chiphunzitsochi timalikonda. Theka lachiwiri ndi lowawa, chifukwa likutanthauza kuti mwana wathu akhale komwe aliko.

Abu Ubaidah mwiniwake anamwalira ndi mliri womwewo, chimodzimodzinso Mu'adh ibn Jabal. Manda awo ali m'dziko limene lero ndi Jordan. Palibe ananyamula matupi awo kupita nawo ku Madina, ndipo palibe amati anatayidwa. Mashahidi a pa Uhud anaikidwa pomwe anagwera, mpaka ena amene abale anali atayamba kuwanyamula anabwezedwa. Ndipo Najashi, mfumu ya ku Habasha, atamwalira kutsidya la nyanja, Mtumiki anaimika Maswahaba m'mizere ku Madina n'kumuswalira janaza thupi palibe. Swala imeneyi masheikh athu amaidziwa. Tikhoza kumupatsa m'bale wathu ulemu wake wonse popanda kuyenda ndi thupi lake makilomita mazana pa lole.

Za kusambitsa nazo zili ndi njira. Ku West Africa anthu ankabisa maliro chifukwa magulu oika maliro poyamba ankangotenga thupi, kuliika m'thumba n'kupita nalo, abale osaona kanthu. Zinasintha pamene azaumoyo anakhala pansi ndi atsogoleri a zipembedzo. Kumapeto kwa 2014 bungwe la WHO linatulutsa ndondomeko yoika maliro mosamala ndi mwaulemu, ndipo kwa Asilamu inalola tayammum m'malo mwa kusambitsa ndi madzi, kukulunga ndi sanda, ndi kuswalira janaza anthu ataima patali pang'ono. Maimamu a ku Guinea ndi Sierra Leone analalikira zimenezi pa Ijumaa ndipo anthu anayamba kuitana okha magulu aja. Phunziro lake kwa aboma n'lakuti lamulo lobwera ndi apolisi okha silimveka. Kwa ife n'lakuti tifunse masheikh athu panopa, maliro asanagwe, chifukwa pa tsiku la maliro palibe amamva fatwa yatsopano.

Tsono pali mbali ina imene sitiyenera kuibisa, ndiyo nkhanza zimene mantha amabala. Kunena kuti wodwala asanyamulidwe mwachisawawa sikutanthauza kuti obwera kuchokera kunja tiziwathamangitsa. Tonse tikukumbuka May 2020, nthawi ya Covid-19, pamene mabasi anabweretsa abale athu kuchokera ku South Africa kudzera pa Mwanza. Anawasunga pa Kamuzu Stadium ku Blantyre kudikira zotsatira, ndipo oposa 400 anathawa, ena mwa iwo atapezeka kale ndi kachiromboka. Dziko linawatukwana. Koma iwo ankadandaula za chakudya, madzi ndi zimbudzi, atayenda masiku angapo m'basi ntchito zitawathera. Ambiri a ife tili ndi mwana kapena mlamu ku Joni, ndipo nyumba zamalata zambiri m'midzi yathu zinamangidwa ndi ndalama zawo. Munthu ukamulandira ngati chilombo amabisala, ndipo wobisala ndi amene amafalitsa. Kubindikiritsa anthu popanda nsima ndi madzi n'kuwauza kuti athawe. Aboma akafuna kuti tidzamvere ulendo wina, adzayambe akonza pogona, chakudya, ndi njira yoti munthu alankhule ndi abale ake.

Ndipo tisaiwale kuti ndege ija sinali ya aliyense. Dokotala Sheik Umar Khan, amene ankatsogolera nkhondo yolimbana ndi Ebola ku Sierra Leone ndipo anasamalira odwala oposa 100, anamwalira pa 29 July 2014 ku Kailahun, masiku anayi okha Brantly asanatsike ndege ku Atlanta. Mu September dokotala wina wa dziko lomwelo, mayi Olivet Buck, anamwalira boma lake litapempha kuti atumizidwe ku Germany koma thandizo la ulendowo osapezeka. Pamene a ku America ankakangana ngati alandire anthu awo awiri, madokotala a mu Africa ankafa opanda wowakanganira. Izi zimatipweteka, ndipo zikutiuza chinthu chimodzi chosakoma: tsiku limenelo likadzafika, sipadzatera ndege pa Malindi kapena pa Senga Bay. Chimene chidzatipulumutse ndi chipinda chapadera pa chipatala cha boma, ambulansi yokhala ndi mafuta, klorini, magolovesi, ndi alangizi a zaumoyo amene akulandira malipiro awo. Zimenezi ndiye tiziwafunsa aphungu ndi makhansala akabwera kudzapempha mavoti, m'malo mwa nsalu ndi mipira.

Maganizo athu ndi awa. Aboma akalengeza mliri wa mtundu umenewu, wodwala apite ku chipatala chimene ali nacho pafupi, osati chimene chili pafupi ndi kwawo. Anyamulidwe ndi anthu amene akudziwa chimene anyamula. Woyendetsa boti, wa kabaza kapena wa minibasi ali ndi ufulu wouzidwa zoona, pakuti naye ali ndi ana. Kumunamiza kuti "ndi malungo chabe" pamene tikudziwa kuti mnzake wa m'chisakasa chomwecho anamwalira sabata yatha ndi kusanza komweko, ndi chinyengo chimene tidzayankhe pamaso pa Allah. Ndipo ife otsala kumudzi chifundo chathu chisinthe njira: ndalama ija tikanagulira mafuta a boti itumizidwe pa foni kuti wodwala apeze chakudya ndi zofunda, mmodzi apite akakhale pafupi ndi chipatalacho motsatira malangizo a anamwino, ena tonse tipange dua. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo sanatisiye ife a m'mbali mwa nyanja, si wa gulu la Ebola, koma anationetsa kale kuti maola otayika panjira amapha, ndiponso kuti mwambo wa maliro ukhoza kubala maliro ena.

Tikudziwa kuti kunena n'kosavuta. Mayi amene wauzidwa kuti sadzagwira nkhope ya mwana wake komaliza sangatonthozedwe ndi nkhani ya Dallas. N'chifukwa chake chisankho chotere chisamagwere banja lokha pakati pa usiku. Chikhale chogwirizana cha mudzi wonse, chonenedwa ndi Shehe pa mimbari ndi amfumu pabwalo, kuti banja limene lasiya m'bale wawo m'manja mwa achipatala lisadzanenedwe kuti linamutaya. Paja miseche ya pa chitsime imaopsa kuposa matenda, ndipo ambiri amanyamula wodwala chifukwa choopa pakamwa pa anthu.

Pali gulu limodzi limene limatidetsa nkhawa kwambiri: alovi obwera kuchokera kutali, amene pa doko timangowadziwa ndi dzina lachipongwe. Mwini chilimira ambiri sadziwa mudzi wawo, ngakhale nambala ya m'bale wawo. Wotere akadwala, anzake amangomukweza pa galimoto ya nsomba kuti akafere kwawo, chifukwa palibe akufuna udindo. Tikupempha makomiti a pa doko ndi makomiti a mizikiti kuti nyengo ino, pamene akulemba maboti ndi zilimira, alembenso dzina lenileni la mlovi aliyense, mudzi wake, mfumu yake ndi nambala ya munthu woti aimbiridwe. Kope limodzi likhale kwa wapampando wa doko, lina kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera limenelo, ndipo nambala ya mlangiziyo ilembedwe pa khoma la mzikiti pomwe aliyense angaione.